Galimoto ikamadya oyilo: kodi botolo la high mileage n'kuithandiza?

Corolla yanga ndi ya 2004, ya injini ya 1NZ-FE, ija mumaipezanso mu Probox, mu Sienta ndi mu ma Vitz ena. Inalowera pa Songwe itatumikira kale mwini wake ku Japan, ndipo pano makilomita ake adutsa 240,000. Kwa zaka ziwiri inkandichita chinthu chimodzimodzi. Ikamachoka ku sevisi oyilo amakhala pa kadontho kapamwamba ka dipisitiki, koma pakangotha mwezi ndi theka wafika pa kadontho kapansi. Ndithire lita, ndiyende, watsikanso. Pasimenti pomwe imagona panali banga lakuda loti mayi a kunyumba anachita kutopa nalo kukolopa.

Malangizo sanasowe. Mnyamata wogulitsa zipangizo ananditsitsira botolo pashelefu nati, "Madala, imeneyi yakula, ithireni high mileage, zonsezi zitha." Makaniko wina anati ayi, ikufuna oyilo wolemera, 20W-50. Alamu anga, omwe galimoto yawo sinavutepo chifukwa alibe, anati ndingotsitsa injini basi. Onse atatu ankandipatsa mankhwala asanaone pomwe pali bala. Oyilo akamatha m'injini ndiye kuti pali pomwe akupita, ndipo botolo lija limathandiza pa njira imodzi yokha mwa njira zomwe amathawira.

M'botolomo muli chiyani

Oyilo wa high mileage anatchuka ku America, komwe makampani amamulembera magalimoto odutsa mamailosi 75,000, omwe ndi makilomita pafupifupi 120,000. Valvoline ali ndi wawo wotchedwa MaxLife, Castrol ali ndi GTX High Mileage, Mobil 1 nawonso ali naye. Ndi oyilo wa injini ngati wina aliyense, kungoti amamuwonjezera zinthu zingapo. Chachikulu ndi mankhwala ofewetsa labala. Masilu a m'injini, timalabala totseka mipata kuti oyilo asatuluke, akamaphikidwa ndi kutentha zaka ndi zaka amauma, amanyala, osagwiranso chitsulo mwamphamvu. Mankhwalawa amalowerera m'labalamo, amamufewetsa ndi kumufufumitsa pang'ono kuti atsekenso mpata. Kawirikawiri mumakhalanso zotsukira litsiro zochulukirapo, ndipo oyiloyo amakhala wokhuthala pang'ono kuposa anzake a nambala yomweyo.

Ntchito yake yathera pomwepo. Chitsulo chikadyeka chadyeka. Silu yong'ambika sangaisoke, ringi ya pisitoni yothyoka sangailumikize.

Nambala ya 120,000 ija isakuopseni. Palibe chomwe chimasintha m'injini tsiku lomwe wotchi ya makilomita yafika pamenepo. Injini yosamalidwa bwino imatha kudutsa 200,000 ili youma gwa kunja, osachepetsa oyilo. Ina imayamba kufuka isanafike n'komwe 100,000. Ndipo tisanamizane, makilomita a pa galimoto zobwera zitagwira kale ntchito si onse oona, ena anabwezedwa m'mbuyo. Komanso wotchi siwerenga maola omwe injini yalira galimoto ili chiimire. Minibasi yodikira anthu pa depoti, kapena galimoto yokwawa pa Chipembere Highway nthawi yoweruka, injini yake ikukalamba ngakhale makilomita sakuyenda. Ngati yanu sikudontha, sikufuka, ndipo oyilo satsika pakati pa sevisi ndi sevisi, pitirizani ndi oyilo yemwe mukuthirayo. Ndalama yapamwambayo mugulire fyuluta ya mpweya.

Yambani mwayeza

Ambiri tikati galimoto ikudya oyilo sitidziwa kuti ikudya wochuluka bwanji. Ineyo ndinkangoti "kwambiri". Imikani galimoto pamalo osapendekeka, m'mawa musanailize, kapena patatha mphindi khumi chiizimitsireni. Solorani dipisitiki, pukutani, bwezerani mpaka pansi, solorani kachiwiri, ndiye muwerenge. Dzazani mpaka pa kadontho kapamwamba, lembani makilomita m'kabuku, kenaka muziyang'ana pakatha makilomita 500 alionse, pamalo omwewo. Pa magalimoto ang'onoang'ono ambiri, kuchokera pa kadontho kapansi kufika kapamwamba ndi lita imodzi kapena imodzi ndi theka.

Mabuku a magalimoto ambiri, a Toyota omwe, amati injini ikhoza kudya mpaka lita imodzi pa makilomita 1,000 popanda kuitcha yowonongeka. Kwa ine muyezo umenewu ndi wopepukira kampani kuposa mwini galimoto. Injini yakale yodya lita pa makilomita 4,000 kapena 5,000 ndingakhale nayo mwamtendere, n'kumangowonjezera. Ikafika lita pa 1,000 ndiye kuti pali chomwe chalakwika ndipo chifufuzidwe. Yanga inkadya lita pa makilomita pafupifupi 1,500.

Musadzadzitse podutsa kadontho kapamwamba poganiza kuti mukusungira m'tsogolo. Oyilo akachuluka, kirankishafuti, chitsulo chozungulira cha pansi m'injini, imamupuntha mpaka kuchita thovu, ndipo thovu silitchinjiriza chitsulo.

Ngati akutulukira kunja

Yalani katoni pansi pa injini usiku. M'mawa muona pomwe padonthera ndi mtundu wake. Wakuda kapena wofiirira ndi wa injini. Wofiira nthawi zambiri ndi wa giyabokosi ya otomatiki kapena wa chiwongolero. Madzi oyera mbee pansi pa mbali ya wokwera ndi a eyakoni, asiyeni.

Mukatsimikiza kuti ndi wa injini, itsukitseni injiniyo kunja, muyende masiku awiri, ndiye muyang'ane ndi tochi kuyambira pamwamba kutsika. Oyilo amayenderera pansi ndipo mphepo imamukankhira m'mbuyo, choncho pomwe akudontha si pomwe akuchokera. Anthu ambiri asinthitsa gasiketi ya sampu, beseni lapansi losungira oyilo, pomwe wolakwa ali pamwamba.

Oyamba kuwakayikira ndi otchipa. Gasiketi ya chivundikiro chapamwamba pa injini ikauma imanyowetsa mbali yonse, nthawi zina mpaka oyilo kudzaza m'maenje a mapulagi injini n'kuyamba kudumphadumpha. Kaswichi ka oyilo, kaja kamayatsa nyale yofiira pa dashibodi, kamatha kudontha pakati pake penipeni. Wochala wa bawuti yokhuthulira oyilo amayenera kusinthidwa pa sevisi, koma ndi angati amatero? Palinso labala wa fyuluta yakale yemwe amatsalira pa injini, yatsopano n'kumangidwa pamwamba pake. Zonsezi ndi zosintha, zina n'zosatha ndi ola lomwe. Kugula oyilo wodula pofuna kutseka gasiketi yomwe ili poyera chonchi n'kutaya ndalama.

Nkhani imasintha mukafika pa masilu a kirankishafuti. Yakutsogolo ili kuseri kwa pule, yakumbuyo ili pakati pa injini ndi giyabokosi. Silu yakumbuyoyi payokha si yodula, koma kuti aifikire ayenera kutsitsa giyabokosi, ndipo ndalama imapita pa ntchitoyo. Apa ndi pomwe oyilo wa high mileage ali ndi malo ake enieni. Ngati pamalumikiziro a injini ndi giyabokosi pakungochita thukuta, kapena pakugwa dontho limodzi kapena awiri usiku wonse, silu ija mwina yangouma, ndipo kuifewetsa kungakugulireni chaka kapena kuposa. Ngati m'mawa mukupeza chithaphwi, silu yang'ambika kapena chitsulo chomwe imakhudza chakumbika kanjira. Pamenepo pitani nayo ku garaja. Pa galimoto ya giya yamanja musachedwe n'komwe, chifukwa oyiloyo akafika pa kilachi mulipira kawiri.

Kavalavu komwe ambiri amakaiwala

Apa ndi pomwe ine ndinaluzira ndalama. Garaja ina inandisinthira gasiketi yapamwamba kawiri m'chaka chimodzi, ndipo kawiri konse inayambanso kunyowa. Ndinkaganiza kuti akundiikira gasiketi yachinyengo. Mdala wina yemwe wakhala akukonza magalimoto kuyambira ndili mwana anangotsegula boneti, n'kumasula kanthu kakang'ono ngati chala pa chivundikiro chapamwamba, n'kukagwedeza pafupi ndi khutu langa. Zii. "Kakadakhala kamoyo kakadalira ngati chisekese," anatero. "Injini yanuyi ikulephera kupuma, achimwene."

Kameneka ndi kavalavu ka PCV. Injini iliyonse ikamalira, mpweya wina wa moto umazembera m'mbali mwa mapisitoni kutsikira kumene kuli oyilo. Injini ikamakalamba mpweyawu umachuluka. Ntchito ya kavalavuka n'kuutulutsa ndi kuubwezera kuti ukapsenso. Kakatsekeka ndi litsiro, mpweya umadzazana m'kati n'kuyamba kukankha oyilo kudzera pa silu ndi gasiketi iliyonse yofooka. Mungasinthe magasiketi mpaka kutopa. Kakakanirira kotsegula, kamayamwira oyilo m'njira ya mpweya injini n'kumamuwotcha. Choncho kanthu kamodzi komweka kangachititse kudontha kapena kufuka. Onaninso kapaipi kake, chifukwa kamauma n'kusweka kapena kutsekeka.

Musanagule oyilo wa mtundu uliwonse, musanavomere zotsitsa injini, yambani mwaona kameneka. Nditasintha kanga ndi kapaipi kake, gasiketi yapamwamba inauma ndipo siinanyowenso.

Ngati akupsera m'kati

Katoni ikakhala youma koma oyilo n'kumatsikabe, ndiye kuti injini ikumuwotcha. Utsi wa oyilo ndi wabuluu motuwa ndipo umanunkha mwa wokha. Wakuda ndi wa mafuta ochuluka, nkhani ina. Woyera wokhuthala wosatha ngakhale injini itatentha, madzi a mu rediyeta n'kumachepa, kapena pansi pa chitsekerero cha oyilo pakuoneka zonga tiyi wamkaka, kawirikawiri ndiye kuti hedi gasiketi, ya pakati pa mutu wa injini ndi masilinda, yapita ndipo madzi ndi oyilo zikukumana. Pamenepo za mtundu wa oyilo iwalani, ndipo galimotoyo musamayende nayo maulendo.

Woyendetsa saona bwino utsi wake, choncho pemphani mnzanu akutsatireni pambuyo. Chofunika ndi nthawi yomwe utsiwo ukutuluka. Ukamatuluka m'mawa mukangoliza n'kutha pakapita kamphindi, kapena mukanyamuka mutaima nthawi yaitali injini ikulira, kayikirani masilu a mavalavu. Usiku oyilo amatsetsereka pang'onopang'ono kudzera pa masilu ouma aja n'kukadikira pamwamba pa pisitoni. Muyeso wabwino koposa ndi chitsikitsiki chachitali. Tsikani phiri la ku Thabwa popita ku Chikwawa, kapena la Chiweta, muli m'giya yotsika phazi lili kutali ndi moto. Nthawi imeneyo injini imakoka mwamphamvu koma khomo la mpweya lili lotseka, ndiye imayamwa oyilo kudzera m'masilu aja. Mukafika pansi n'kuponda moto, mtambo wabuluu ukatuluka kamodzi n'kutha, mwawapeza. Masilu a mavalavu ndi labala, choncho high mileage akhoza kuchepetsako ngati sanafike posweka.

Utsi wotuluka mukamaponda moto pokwera phiri kapena galimoto italemedwa, ndipo osatha, umaloza ku maringi ndi masilinda. Tsegulani chitsekerero cha oyilo injini ikulira: kampweya pang'ono si vuto, koma ikamapemerera utsi ngati mbaula ya nkhuni zaziwisi ndiye kuti maringi atopa. Makaniko ayeze kompuresheni, mphamvu yomwe pisitoni imapanikizira mpweya, pa silinda iliyonse, kenaka athire kasupuni ka oyilo pa bowo la pulagi n'kuyezanso. Nambala ikakwera kwambiri, maringi ndiwo adyeka. Apa palibe botolo lomwe lingabweze chitsulo.

Pali msampha umodzi. Pisitoni imakhala ndi ringi yapansi yomwe ntchito yake n'kukokolola oyilo pakhoma la silinda. Ringi imeneyi imatha kumatirira ndi litsiro lopsa pomwe ziwiri zapamwamba zili bwino, ndiye kompuresheni imaoneka yabwino koma oyilo akupita. Injini za Toyota za 1ZZ-FE zoyambirira ndi zina za 2AZ-FE zimadziwika ndi khalidwe limeneli, chifukwa timabowo tobwezera oyilo pa pisitoni timatsekeka. Oyilo wabwino wosinthidwa pafupipafupi nthawi zina amamasulako pang'ono, koma zikakhwima mapisitoni amayenera kutuluka. Dziwaninso kuti catalytic converter, chipangizo choyeretsa utsi cha pa ekizozi, imatha kubisa utsi, choncho kusaona utsi si umboni. Masulani mapulagi. Yomwe yanyowa kapena yaunjika phulusa lolimba ikuuzani silinda yomwe ikumwa.

Ya turbo, makamaka ya dizilo, onaninso m'mapaipi ochoka ku turbo. Kanyontho pang'ono si kachilendo, koma oyilo wochita kudikha akutanthauza kuti turbo yatha, ndipo injini ya dizilo imatha kuyamba kuyendera oyilo wakeyo mpaka osazimanso ndi kiyi.

Za oyilo wolemera

Chizolowezi chathu n'choti galimoto ikakalamba timaithira 20W-50. Nambala yoyamba, ya W ija, imanena mmene oyilo amayendera kukazizira. Yachiwiri imanena kukhuthala kwake injini ikatentha, ndipo amayezera pa madigiri 100. Oyilo wokhuthala amavutika kudutsa m'mipata, choncho n'zoona kuti utsi umachepa ndipo phokoso limatsika. Koma walira mvula walira matope. Kuvutika komweko amavutikanso pokwera kumutu kwa injini m'mawa, makamaka mu Juni ku Dedza kapena ku Mzimba, ndipo kudyeka kwambiri kwa injini kumachitika pa timphindi toyamba timeneti.

Hilux kapena Hiace yakale ya injini ya 3L kapena 4Y inapangidwa nthawi ya oyilo wokhuthala, 15W-40 kapena 20W-50 siidabwa naye. Injini ya VVT-i ndi ina. Imagwiritsa ntchito oyilo posuntha nthawi yotsegulira mavalavu, kudzera m'tinjira topapatiza ndi kasefa kakang'ono, ndipo tcheni chake chimakungidwa ndi mphamvu ya oyilo yemweyo. Anaipangira 5W-30, zina mpaka 0W-20. Ikatopa, kukwera sitepe imodzi, kunena 5W-40 kapena 10W-40, n'komveka kuno kotentha. Kulumphira pa 20W-50 ine sindingalimbikitse.

Chenjerani pamenepa, chifukwa mawu oti high mileage sanena kukhuthala. Alipo wa 5W-30, alipo wa 10W-40, koma mabotolo ena omwe amafika kuno ndi a 20W-50 mwinanso 25W-60. Botolo lomwe mnyamata uja ananditsitsira linali la gulu lokhuthalali. Werengani nambala musanawerenge mawu akuluakulu. Kuseri kwa botolo onaninso zilembo za API, zosonyeza muyezo wa oyiloyo. Za petulo zimayamba ndi S: SL inabwera mu 2001, SM mu 2004, SN mu 2010, SP mu 2020, ndipo yatsopano imagwira ntchito pomwe buku likufuna yakale. Za dizilo zimayamba ndi C, monga CH-4 ndi CI-4. Dizilo ya ku Japan yokhala ndi sefa ya utsi ya DPF imafuna oyilo wosasiya phulusa lambiri, kawirikawiri wolembedwa JASO DL-1. Wosiya phulusa lambiri amaitseka sefayo. Ndipo anyamata a kabaza musatengeko wotsala wa galimoto kuthira m'njinga yamoto. Kilachi yake imasambira mu oyilo yemweyo, ndiye imafuna wolembedwa JASO MA kuti isamaterereke.

Mukasankha kusintha

Palibe mwambo wapadera. Dikirani sevisi, khuthulani wakale injini ili yofunda, ikani fyuluta yatsopano ndi wochala watsopano, thirani muyezo wa m'buku. Pa 1NZ-FE ndi malita 3.7 pamodzi ndi fyuluta. Musanatero suzumirani ndi tochi pa bowo lothirira. Mukaona phala lakuda lomata, musalole kuti athiremo mankhwala otsukira injini mwachangu aja. Amasomphola zibuma zomwe zimakatseka sefa ya pampu m'sampu, ndipo injini imanoka ili ndi oyilo wodzaza. Bola kusintha oyilo kawiri kapena katatu motsatizana pa makilomita ochepa, litsiro lizichoka mwa pang'ono.

Zotsatira musaziyembekezere sabata yomweyo. Labala amafewa pang'onopang'ono, ndipo pamafunika makilomita masauzande angapo, nthawi zina mpaka sevisi yachiwiri. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Pitirizani kulemba m'kabuku kaja kuti muyerekeze ndi manambala akale, osati ndi maganizo chabe. Sevisi ziwiri zikadutsa popanda kusintha kulikonse, vuto lanu si la labala wouma.

Zoti ukayamba high mileage sungabwererenso ku oyilo wamba si zoona. Mukhoza kubwerera, mukhozanso kuwonjezera wamba muli pa ulendo, amasakanikirana bwinobwino. Chomwe chingachitike n'choti thukuta lija liyambirenso. Timabotolo ting'onoting'ono totseka kudontha tomwe amagulitsa padera timagwira ntchito mofanana koma mwaukali, ndipo ine ndimatiopa pa silu yomwe yatsala pang'ono kutha.

Ndi fumbi lathuli, makilomita 5,000 ndi okwanira pa oyilo mmodzi m'injini yakale, kaya botolo likulonjeza zotani. Fumbi lolowera pa fyuluta ya mpweya yobooka kapena paipi yong'ambika limapala maringi ngati sandipepa, moti ambiri omwe akufunafuna oyilo wamankhwala lero anayambira pamenepo. Oyilo wopungulira m'mabotolo a madzi m'mbali mwa msewu simungadziwe nambala yake kapena ngati sanagwirepo kale ntchito. Gulani wotseka, muone kuti chidindo cha pa chitsekerero n'chosadulidwa.

Nyale yofiira ya oyilo siyeza kuchuluka kwa oyilo, imayeza mphamvu yomwe akuyendera. Ikayaka muli pa msewu, imani ndi kuzimitsa pomwepo. Ikamaphethira injini itatentha muli chiimire, makaniko amange geji ayeze mphamvuyo. Kakhoza kukhala kaswichi chabe, ikhoza kukhala sefa ya pampu yotsekeka kapena mabeyaring'i odyeka. Kuthira oyilo wokhuthala kuti nyaleyo izime n'kutseka pakamwa mlonda.

Yanga ndinaithira 10W-40 wa high mileage nditasintha kale kavalavu kaja. Pofika sevisi yachiwiri thukuta la pakati pa injini ndi giyabokosi linali litauma, katoni imadzuka yoyera, ndipo lita tsopano imandifikitsa makilomita pafupifupi 3,500. Sindinganene kuti mbali yaikulu anachita ndi oyilo kapena kavalavu, poti ndinazisintha motsatizana. Kautsi ka m'mawa kokha sikanathe, masilu a mavalavu anauma mopitirira. Mdala uja akuti angawasinthe osachotsa hedi: amalowetsa chingwe chofewa pa bowo la pulagi, n'kukweza pisitoni kuti chingwecho chigwire mavalavu asagwere m'kati. Tapangana kumapeto kwa mwezi, malipiro akalowa.